Mbiri ya Mbewu ya Chimanga m'Dera la Lilongwe

Munthu woyenda m'makwalala a Kawale, Biwi kapena Area 23 m'mwezi wa Januwale, mvula itakhazikika, angayese kuti mzinda wa Lilongwe wabwerera kumudzi, pakuti paliponse pamene patsala kadothi kosamangidwapo, kaya kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa msewu, kapena m'madambo a mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, pamakhala pataima chimanga chobiriwira. Olima chimangachi ndiwo alonda, aphunzitsi, amayi a geni ndi anyamata a kabaza, ndipo ambiri a iwo mbewu yawo amaigula m'sitolo, m'kathumba ka makilogalamu awiri, njere zake zopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira, akudziwa bwino lomwe kuti chaka chamawa adzagulanso. Agogo awo mbewu sadali kugula. Adali kuisankha okha m'munda mwawo, naisunga, naisiyira ana awo. Kusintha kumeneku kudachitika m'nthawi yosapitirira moyo wa munthu mmodzi, ndipo mbali yaikulu ya mbiri yake idachitikira m'boma lomwelino la Lilongwe, pakati pa Chitedze kuzambwe ndi Kanengo kumpoto.

Tiyambe ndi kukumbutsana kuti chimanga, ngakhale lero timachiyesa chakudya cha makolo, n'chobwera. Kwawo ndi ku Mexico, kumene anthu akale adachiweta kuchokera ku udzu wa kuthengo zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo kuno ku Africa chidafika chitapita chaka cha 1500, pa zombo za amalonda, makamaka Apwitikizi. Makolo athu a ku Maravi nsima yawo idali ya mapira, mawere ndi mchewere. Chimanga chidalowa pang'onopang'ono, poyamba ngati chakudya cha m'dimba chothandiza pa nyengo ya njala, kufikira pamene, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, chidalanda minda yambiri ya m'chigawo chapakati. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa: chimanga chidali kucha msanga kuposa mapira, mbalame sizidali kuchitha chifukwa cha makoko ake, ndiponso chidali kubereka kwambiri pa dothi lofiira la m'chidikha cha Lilongwe.

M'zaka mazana angapo amenewa mudabadwa mwambo wosankha mbewu, umene kwakukulu udali m'manja mwa amayi. Pa nthawi yokolola, kapena potapa chimanga m'nkhokwe, mayi adali kupatula zisononkho zazikulu, za mizere yowongoka, za njere zolimba ndi zonyezimira, zimene makoko ake adaphimba nsonga bwinobwino kotero kuti madzi ndi anankafumbwe sadapeze polowera. Zimenezi adali kuzimanga m'mitolo nazipachika kutsindwi la nyumba yophikira, kumene utsi ndi mwaye zidali kuziumitsa ndi kupirikitsa tizilombo. Ndipo pofika nyengo yobzala, ambiri adali kutong'ola njere za pakati zokha, za kunsonga ndi za kutsinde n'kupita kumtondo. Mwana wamkazi pokwatiwa adali kulandira mbewu kwa amake, mnansi wosowa adali kupempha kwa mnzake kapena kusinthanitsa ndi nyemba, chotero mbewu idali kuyenda ndi ubale. Makolowo adali kunena kuti make mbuu, mwana mbuu, ndipo pobwereza kusankha kumeneku chaka ndi chaka adaumba chimanga chimene lero timati cha makolo, chachitali, chochedwerapo kucha, koma cha njere zolimba, chosafumbwa msanga ndi chokonoleka bwino.

Zimene amayi aja adali kuchita mwa nzeru yobadwa nayo, akatswiri a sayansi adadza kuzifotokoza atapeza galasi lokulitsa zinthu. Chiyambire pamene Robert Hooke adaona timagawo ta khungwa la mtengo m'chaka cha 1665, zidadziwika pang'onopang'ono kuti chamoyo chilichonse, munthu, mbuzi kapena phesi la chimanga, chidamangidwa ndi timagawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Njere ya chimanga, ngakhale ioneke youma ngati yakufa, ili ndi kamwana kamoyo ku mtima kwake, ndipo ufa wonse umene wazinga kamwanako ndiwo kamba wake wa paulendo. Ufawo udachokera ku dzuwa, pakuti m'maselo a masamba muli chlorophyll, chija chimene chimabiriwiritsa tsamba, chimene chimagwira kuwala kwa dzuwa, ndipo ndi mphamvu imeneyo mbewu imaphatikiza madzi ochokera m'nthaka ndi mpweya umene ife timatulutsa popuma, nipanga shuga, nitulutsa mpweya wa okosijeni. Shugayo amayenda m'phesi, n'chifukwa chake ana amatafuna misinde, kenaka amakasungidwa m'njere monga sitachi. Chlorophyll sapangika popanda nayitirojeni, ndiye chifukwa chake chimanga chosowa manyowa kapena feteleza chimachita chikasu, nichibereka tizisononkho ta manyazi.

Mphamvu yosungidwayo imamasulidwa m'tizigawo ta selo totchedwa mitochondria, mmene shuga amaphwanyidwa mothandizidwa ndi okosijeni, mphamvu yake n'kuikidwa m'kanthu kotchedwa ATP, kamene selo limagwiritsa ntchito pa chilichonse chimene lichita. Zimenezi zimachitika m'thupi la mnyamata wonyamula matumba ku Kanengo atadya nsima yake, ndipo zimachitikanso m'njere ikanyowa ndi mvula yoyamba. Njere youma bwino imapuma pang'ono kwambiri, nisunga moyo wake kufikira dzinja. Koma ikakhala pa chinyontho imapuma mofulumira, imatentha, imachita nguwi, nifa isanabzalidwe. Apa tikuona kuti utsi wa kutsindwi udali ndi chifukwa chake. Nawonso ofulula thobwa, pomeretsa chimera, adali kugwiritsa ntchito lamulo lomweli, pakuti njere ikayamba kumera imasandutsa sitachi kukhala shuga wodyetsa kamwana kake, ndipo kutsekemera kwa thobwa kumachokera pamenepo.

Nanga chimachititsa n'chiyani kuti mwana afanane ndi kholo? Pakati pa selo lililonse pali timaulusi totchedwa makromozomu, mmene mudalembedwa malangizo a chibadwa, amene a sayansi amati majini. Munthu ali nawo 46, chimanga chili nawo 20, ndipo amakhala awiriawiri, wina wochokera kwa mayi, wina kwa bambo. Pamene mbewu ikukula, selo limayamba lakopera makromozomu ake onse, kenaka ligawikana pakati, selo lililonse latsopano n'kutenga 20 athunthu; kugawikana kotereku, kumene Walther Flemming adakufotokoza m'chaka cha 1882, ndiko kumatalikitsa muzu ndi phesi, ndipo sikusintha kanthu pa chibadwa. Koma pali kugawikana kwa mtundu wina, kumene kumachitika m'ngayaye ndi m'chisononkho chokha, pamene makromozomu a gulu limodzi amayamba asinthana zidutswa, kenaka apatukana, kotero kuti fumbi la ngayaye limatenga 10 okha, dzira la m'chisononkho litenganso 10, ndipo ziwirizi zikakumana chiwerengero chibwerera pa 20. Ndevu iliyonse ya chimanga ndi njira ya ku dzira limodzi. Ndipo popeza fumbi la ngayaye limauluka ndi mphepo, njere za pa chisononkho chimodzi, ngakhale zili za mayi mmodzi, zimatha kukhala za abambo ambiri. Ndicho chifukwa chake mlimi wobzala chimanga choyera amapeza njere zachikasu kapena zakuda pa chisononkho chake, ngati mnansi wake wabzala cha mtundu umenewo.

Malamulo a kutengera kumeneku adawatulukira ndi wansembe wina, Gregor Mendel, amene kuyambira 1856 kufikira 1863 adali kukwatitsa nsawawa m'munda wa nyumba ya ansembe ku Brno, nawerenga ana ake mosatopa. Iye adaona kuti akakwatitsa nsawawa yaitali ndi yaifupi, ana onse a mbadwo woyamba amakhala aatali. Koma anawo akaberekana okha, ufupi uja, umene udangobisala osatayika, umatulukiranso pa mbewu imodzi mwa zinayi zilizonse. Adafalitsa zimenezi mu 1866, koma mawu a akuluakulu amakoma akagonera: anthu adazilabadira mu 1900, mwini wake atamwalira kale. Posakhalitsa George Shull wa ku America adaonetsa, m'chaka cha 1908, kuti chimanga chikakakamizidwa kudzibereketsa chokha kwa mibadwo ingapo chimafooka ndi kufupika, ngakhale chimasanduka chofanana ndithu. Koma mitundu iwiri yofooka yotereyi, yosakhala pa ubale, ikakwatitsidwa, ana ake amatuluka amphamvu ndi obereka koposa makolo onse awiri. Umu ndi mmene chidabadwira chimanga cha haibridi.

Kuno kwathu nkhaniyi idafika pa nthawi ya masautso. Malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, amene ali pa msewu wa ku Mchinji, adatsegulidwa mu 1948, ndipo chaka chotsatira, 1949, kudagwa njala yoopsa imene idasautsa kwambiri chigawo cha kummwera, nichititsa boma la atsamunda kuganizira mozama za chakudya cha anthu. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wina, R.T. Ellis, adasonkhanitsa chimanga cha m'midzi, nayamba kupanga haibridi ku Chitedze, ndipo mwa zipatso za ntchito imeneyo mudali LH11, imene njere zake zidali zolimbirapo popeza idachokera ku chimanga cha konkuno. Koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ntchito ya haibridi idaimitsidwa, akatswiri natembenukira ku mitundu yosakaniza yotha kubwerezedwa, monga UCA ndi CCA, pamene alimi akuluakulu adali kubzala SR52, haibridi yotchuka imene idatuluka ku Southern Rhodesia mu 1960. Ntchito ya haibridi itayambiranso mu 1977, kudatuluka MH12, kenaka MH15 ndi MH16, zonsezi za njere zofewa zobonyoka pamutu, zobereka kwambiri zikalandira feteleza.

M'zaka zomwezo Lilongwe adali kusanduka mzinda. Kalembera wa 1966 adapeza anthu osafika 20,000; koma boma la Dr. Kamuzu Banda litatsimikiza kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba, zimene zidakwaniritsidwa mu 1975, anthu adakhamukira kuno, kotero kuti pofika 1977 adali pafupifupi 99,000. Kawale ndi Biwi adadzaza, Area 25 idadulidwa mapuloti kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo, ndipo osowa mapuloti adamanga ku Chinsapo, pa msewu wa ku Likuni, ndi ku Mgona, pambali pa mafakitalewo. Ku Kanengo komweko ndi kumene kudamangidwa nkhokwe zikuluzikulu za chimanga cha boma, ndiponso fakitale ya National Seed Company of Malawi, kampani imene idakhazikitsidwa mu 1978 kuti izichulukitsa ndi kugulitsa mbewu. Ndipo mbewu yake ina, NSCM 41, idatchuka kotero kuti kwa zaka zambiri anthu adali kutchula haibridi iliyonse ndi nambala imeneyo. M'minda yochulukitsira mbewu mudabuka ganyu wachilendo, wozula ngayaye pa mizere ya chimanga chachikazi isanatulutse fumbi, kuti ndevu zake zilandire fumbi la mizere yachimuna yokha.

Komatu ngakhale alangizi adalalikira haibridi m'makalabu a alimi, ngakhale ADMARC idali kuigula, ndiponso ngakhale ngongole ya feteleza idali kuperekedwa pamodzi ndi mbewuyo, kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 haibridi sidafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo 10 a minda ya chimanga ya alimi ang'onoang'ono. Ena adafulumira kunena kuti alimi ndi osamva ndi okakamira zakale. Koma mlandu weniweni udali kuweruzidwa pa mtondo. Nsima imene anthu a kuno amaikonda ndi ya ufa woyera, ndipo ufa woyera umafuna kuti chimanga chikonoledwe, chipetedwe, mphale iviikidwe, iyanikidwe, kenaka isinjidwe. Njere ya chimanga cha makolo, popeza sitachi yake yambiri ndi yolimba, imapirira munsi, gaga n'kuchoka, mphale n'kutsala yathunthu. Koma njere yofewa imanyenyeka, ufa wambiri n'kupita ndi madeya, ndiponso m'nkhokwe anankafumbwe amaiboola msanga. Chotero mayi wanzeru adali kuwerenga phindu la munda, osati pa ngolo zolowa m'nkhokwe, koma pa ufa wotsala m'lichero mwezi wa Febuluwale. Ndipo banja lobzala haibridi lidali kuigulitsa, cha makolo n'kusunga cha pakamwa.

Ulemu upite kwa akatswiri a ku Chitedze amene adamva dandaulo limeneli nalitenga monga nzeru. Kuyambira cha m'ma 1987, Dr. B.T. Zambezi ndi anzake, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT la ku Mexico, adakwatitsa haibridi za kuno ndi mtundu wina wa njere zolimba wochokera ku bungwelo, ndipo mu 1990 adatulutsa MH17 ndi MH18, zimene zidali kubereka mofanana ndi haibridi zinzake koma zikukonoleka ndi kusungika pafupifupi ngati cha makolo. Chilala cha 1991/92 chitafika, MH18, pokhala yocha msanga, idapulumutsa mabanja ambiri pamene cha makolo chidauma chisanabereke. Apa ndi pamene alimi ambiri adayamba kubzala haibridi kuti adye, osati kungogulitsa. Ndipo phunziro lake lidali lakuti sayansi ya m'buku idapindula pamene idadzichepetsa kukafunsa kwa mayi wa pamtondo.

Koma walira mvula walira matope. Haibridi idadza ndi lamulo limene makolo sadalidziwe, lakuti mbewu igulidwe chaka chilichonse, ndipo kufikira lero alipo ambiri ku Mgona ndi ku Chinsapo amene amakhulupirira kuti limeneli ndi bodza la amalonda. Chifukwa chake chili m'kugawikana kwa maselo kuja. Pa haibridi ya mtundu umene Shull adaonetsa, kholo lililonse, popeza lidadzibereketsa lokha kwa mibadwo yambiri, makromozomu ake awiriawiri ndi ofanana, kotero kuti limapereka chibadwa chimodzimodzi kwa ana onse. N'chifukwa chake munda wa haibridi umakhala wolingana msinkhu, numasula ngayaye nthawi imodzi. Koma haibridiyo payokha ili ndi makromozomu osiyana, ena a kwa mayi, ena a kwa bambo, ndipo ikamapanga fumbi ndi mazira, magulu 10 aja amatha kugawika m'njira 1,024, osawerengera kusinthana kwa zidutswa. Tsono mbewu yobwereza, imene alimi amati chibwereza, imatuluka yosiyanasiyana, ina yaitali, ina yaifupi, ina yochedwa, ndipo zofooka zimene zidabisala mu mbadwo woyamba zimaonekeranso, monga momwe Mendel adaonera pa nsawawa zake. Si kuti chibwereza sichimera kapena sichibereka konse, koma zokolola zake zimatsika. Pamene mitundu yosakaniza, ija yobereketsana yokha m'munda, imatha kubwerezedwa nyengo ziwiri kapena zitatu popanda kutsika kwambiri.

Kuyambira pamenepo mbiri ya mbewu idalukana ndi ndale ndi malonda. Kampani ya ku Kanengo ija idalowa m'manja mwa Cargill kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kenaka Monsanto mu 1998, kenakanso Bayer. Kudabwera makampani ena monga Pannar ndi Seed Co, imene mbewu zake idazitcha Kanyani, Mkango ndi Njobvu molingana ndi kufulumira kapena kuchedwa kucha kwake. Boma la Bakili Muluzi lidagawa timatumba ta mbewu ndi feteleza kuyambira 1998. Njala ya 2001/02 itadutsa, boma la Bingu wa Mutharika lidayambitsa makuponi ogulira feteleza ndi mbewu motchipa mu 2005, ndipo mu 2020 boma la Lazarus Chakwera lidalowetsapo ndondomeko ina yotere yotchedwa AIP. Kabzalidwe nakonso kadasintha, pakuti m'malo mwa njere zitatu pa phando, alangizi adayamba kuphunzitsa njere imodzi pa phando, motalikirana masentimita 25, monga adalimbikitsira a bungwe la Sasakawa.

Moyo wa m'tauni nawo udasintha woweruza mlandu uja. Mzinda umene kalembera wa 2018 adaupeza ndi anthu pafupifupi 990,000 ulibe malo a nkhokwe. Chimanga chimatong'oledwa, chithiridwa mankhwala, nichisungidwa m'matumba m'chipinda chogona, ndipo m'malo mwa mtondo pali chigayo chokonola pafupi ndi msika uliwonse. M'nyumba ya lendi ya malata, mmene amaphikira pa mbaula ya makala, mulibe tsindwi lopachikapo mbewu. Komabe lilime silidaiwale, pakuti m'misika ya Kawale ndi Area 25 ogula amafunsabe ngati ndowa ili ya cha makolo, ndipo ambiri amalolera kulipira moonjezera, podziwa kuti mphale yake idzatsala yambiri. Ndiponso m'timinda ta m'tauni, mmene haibridi, chibwereza ndi cha makolo zimaima mogundizana, mphepo imasakaniza fumbi lawo chaka ndi chaka, kotero kuti chambiri chimene lero chimatchedwa cha makolo chili ndi magazi a MH18 ndi anzake.

Pachifukwa chimenechi nkhokwe ya mbewu za makolo imene idakhazikitsidwa ku Chitedze mu 1992, mmene amasunga njere zouma m'malo ozizira kwambiri, ndi chuma cha fuko lonse, pakuti kawirikawiri katswiri salenga jini yatsopano ya kulimba kwa njere kapena ya kupirira chilala. Amangosonkhanitsa zimene zidalipo kale mu mbewu zimene alimi a kuno ndi a maiko ena adasankha ndi kusunga. Tsono inu olima m'tauni, mukafuna haibridi, gulani mbewu yovomerezeka kwa ogulitsa odziwika, yokhala ndi chizindikiro cha boma ndi tsiku limene idayesedwa, pakuti alipo osakhulupirika amene amapaka utoto chimanga cha pamsika nachigulitsa ngati mbewu. Ndipo musaibwereze mukuyembekeza zokolola za chaka choyamba. Koma ngati kumudzi kwanu kudakali agogo osunga chimanga cha makolo, kapempheniko, muchibzale patali ndi haibridi kapena mosiyanitsa masiku obzala, musankhe zisononkho zabwino za pakati pa munda, ndipo muphunzitse ana anu kasankhidwe kake.